Galimoto ikayamba uchidakwa, musathamangire kutsegula injini

Pamsika pali mbava zamitundumitundu. Ena ndi opisa m'thumba, ena ndi a sikelo yabodza. Koma ilipo mbava ina imene timaisambitsa tokha Lamulungu lililonse, n'kumaiimika pamthunzi kuti isapse ndi dzuwa. Ndikunena galimoto yakale imene yayamba kumwa petulo ngati chidakwa cha kumapeto kwa mwezi.

Inu amene mumapikula tomato ku Lizulu, kabichi ku Bvumbwe kapena anyezi ku Jenda mukudziwa kuti phindu la geni limathera pamsewu. Mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo adakwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Kuyambira pamenepo lita iliyonse yotayika imapweteka ngati thumba la katundu lagwa m'galimoto osaliona.

Ine ndilibe galimoto. Mtolankhani woyenda wapansi ngati ine ndiitenga kuti? Koma achemwali anga aakulu, amene adandilipirira fizi mpaka Fomu 4, ali ndi Toyota Corolla ya 1995 imene amatutira mbatata ya kachewere kuchokera ku Dedza kudzagulitsa ku Lilongwe. Kupita ndi kubwera ndi makilomita ngati 170. Galimotoyo itayamba kumeza ndalama, makaniko wina adangoimvetsera pang'ono n'kugamula mlandu: "Mayi, iyi yatha maring'i. Tiitsegule basi." Mtengo umene adatchula udali mpamba wonse wa geni.

Ndidawapempha achemwaliwo kuti andipatse masabata atatu asanapereke ndalamayo. Adandiyang'ana n'kuti, "Iwe ndi zolembalemba zakozo, za injini udazidziwira kuti?" Koma adalola, poti nawonso ndalamayo imawawawa.

Choyamba n'kuyeza. Ambirife timangoti "ikumwa" poona kasingano ka geji, koma geji ya galimoto yakale ndi mboni yonama. Njira yeniyeni ndi iyi: dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, lembani nambala ya makilomita, yendani ulendo wanu wa masiku onse, kenaka mudzazenso pa pampu yomweyo. Gawani makilomita ndi malita amene alowa. Ife tidapeza malita 20 pa makilomita 170, kutanthauza makilomita 8.5 pa lita. Kwa injini ya 1500cc pamsewu wa tala, pamenepo padalidi vuto.

Achemwali ankati mwina ndi petulo wa masiku ano, ati ndi madzi okhaokha. Zoona zake n'zakuti petulo wa kuno adayamba kusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kalekale, mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa. Ethanol ali ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi petulo, koma akakhala gawo limodzi mwa magawo 10 mumangotaya pafupifupi 3 peresenti. Sangakudyereni malita asanu pa ulendo umodzi. Muziopa petulo wa m'zigubu, amene ena amathiramo palafini.

Tidayamba ndi zinthu zosalira ndalama. Mpweya wa m'matayala tidauyeza m'mawa galimoto isanayende. Nambala yoyenera imalembedwa pa kapepala ka pachitseko cha dalaivala, ndipo pa magalimoto ang'onoang'ono ngati awa imakhala cha m'ma 30 mpaka 32 psi. Matayala akumbuyo adali pa 22. Tayala lofewa limakakamira pamsewu ngati wilibala yophwa, ndiye onjezanipo matumba a mbatata.

Kenaka mabuleki. Titayenda mtunda pang'ono tidaima n'kuyandikiza dzanja pa wilo lililonse, osagwira msanga poopa kupsa. Lakumbuyo kumanzere limatentha kuposa anzake. Titaikweza pa jeke, wilolo limakana kuzungulira ndi dzanja. Chingwe cha handibuleki chidali chitachita dzimbiri, moti galimoto imayenda itadzigwira yokha mwendo. Tidasuzumiranso pansi ndi kununkhiza ngati paipi ya petulo ikudontha, koma kudali kouma. Ulendo wotsatira idamwa malita 17.

Apa m'pamene tidapita kwa makaniko wina, mdala wa imvi amene sakonda zolongolola. Adamasula mapulagi n'kutionetsa. "Taonani, mwana wanga," adatero. Onse anayi adali akuda ndi mwaye wouma. Pulagi ya injini yabwino imakhala yofiirira ngati khofi wothira mkaka. Ikakhala yonyowa ndi oyilo, ndipo kumbuyo kukutuluka utsi wabuluu, pamenepo mukhoza kukamba za maring'i. Koma mwaye wouma ndi utsi wakuda zimatanthauza kuti petulo akulowa wambiri kuposa mpweya.

Mdalayo adafunsa funso limodzi: kasingano ka kutentha kamafika pati? Achemwali adayankha monyadira kuti sikakwera n'komwe, injini yawo ndi yozizira bwino. Iye adangoseka. Atamasula pamene paipi ya radiyeta imalowera mu injini, tidapeza m'malo mwa thermostat muli mbee! Mwini wake woyamba adaichotsa.

Ili ndi khalidwe lofala kuno kwathu. Amati dziko lathu ndi lotentha, thermostat ndi ya ku Japan kozizira. Koma kachitsulo kameneka ndi kachitseko kamene kamatsekereza madzi kuti asapite ku radiyeta mpaka injini itafunda kufika cha pa madigiri 82. Mukakachotsa, injini imachedwa kufunda, makamaka m'mamawa kuzizira kwa ku Dedza kuja. Kompyuta ya galimoto ikamva kuti injini ikadali yozizira, imangothira petulo wowonjezera ulendo wonse, ngati galimoto ya kabureta imene mwaiwala kubweza choko.

Adationetsanso nzeru ina. Pa ma Toyota a zaka zimenezo, mu boneti muli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Makaniko akalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya, n'kutsegula kiyi osaliza injini, nyali ya check engine imaphethira nambala. Ikaphethira 21 ndiye kuti vuto lili ku sensa ya oxygen ya pa ekizozi, 22 ndi sensa ya kutentha kwa madzi. Zonse ziwirizi zikafa zimamwetsa petulo. Yathu sidaonetse vuto. Fyuluta ya mpweya tidaisintha chifukwa idadzaza fumbi, ngakhale mdalayo adati pa galimoto ya kompyuta fyuluta yotsekeka imachepetsa mphamvu kwambiri, pamene pa ya kabureta m'pamene imamwetsadi mafuta.

Titaika thermostat ndi mapulagi atsopano, ulendo wa ku Dedza udadya malita 14, kapena kuti makilomita 12 pa lita. Malita 6 opulumuka pa ulendo, maulendo awiri pa sabata, ndi malita 48 pamwezi, pafupifupi thanki yathunthu ya Corolla. Ngakhale pa mtengo wa 2023 uja, ndi K15,180 pa ulendo umodzi. Injini sidatsegulidwe, mpamba udatsala m'chitenje.

Zina zili m'manja mwanu eni ake. Katundu wosanjika padenga amalimbana ndi mphepo. Kusiya injini ikulira pamene mukunenerera mtengo n'kuotcha ndalama. Liwiro loposa 100 limamwa kuposa 80. Ndipo ngati mumatuma mnyamata, kabuku ka malita ndi makilomita kadzakuuzani ngati akumwa ndi galimoto kapena kachigubu ka kuseri.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Makaniko akakuuzani kuti titsegule injini, mufunseni kaye kuti mapulagi akuoneka bwanji, thermostat ilimo kodi, kompuresheni wayeza? Wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa. Akakwiya, tengani kiyi wanu muzipita.