Adakutuma ndani?

Ng'ombe zikadya m'munda wa munthu kwathu kuno, kumunsi kwa phiri la Ntchisi, mlandu wake sunkakhalitsa pa mnyamata woweta. Ankamuimika pakati pa bwalo misozi ili chuchuchu, ndipo atsibweni anga, amene adali nyakwawa, ankamufunsa funso limodzi lokha: "Iwe, adakutuma kubusa ndani?" Akangotchula mwini khola, mwana uja ankauzidwa kuti akhale pansi. Zotsalazo zidali za akuluakulu. Ngati nkhwapulo zimuyembekeza, zidali za madzulo kwa amene adamutuma, koma wolipa mlandu adali mwini ng'ombe.

Amuna awiri kapena atatu, osakhala abale a mbali iliyonse, ankapita kumundako kukaona mapesi odyedwa. Chimanga chikakhala chanthete, choti nkuphukiranso, mlandu unkadikira masika kuti aone chimene chasowadi m'nkhokwe. Mwini ng'ombe ankabweza madengu olingana ndi chimenecho basi. Mayi wina adafuna ng'ombe yathunthu pa mizere yochepa, ndipo bwalo lonse lidamuseka. Atsibweni adamuuza kuti iwo sakhala pansi pa mtengo kuti alemeretse munthu, koma kuti amubwezere pamene adali ng'ombe zisadalowe. Nayenso mwini dimba amene walima m'njira yopita kumadzi osamanga mpanda ankadulidwako malipiro, poti theka la tsokalo adaliitana yekha.

Zonsezi ndidadzazimvanso ndili wamkulu, zikutuluka m'kamwa mwa maloya ndi anthu a inshuwaransi: kuti wotuma amayankhira zolakwa za wantchito wake, kuti chipukuta misozi sichiposa chotayika, kuti wodandaula amene adathandizira tsoka lake salandira zonse. Sindinena kuti bwalo lathu lidali lolungama nthawi zonse, ayi. Mkamwini ankavutika kupambana mlandu m'mudzi mwa mkazi wake, ndipo mwini khola lalikulu ankamveredwa ndi khutu lina. Koma pabwalo paja aliyense ankadziwa amene wamutuma mnzake. Ankhoswe akavomera mawu pa chinkhoswe, mbumba yonse yamangidwa ndi mawuwo, ndipo padalibe woti mawa nkunena kuti sadawatume.

Tinkadziwanso kugawa tsoka. Munthu wa mbuzi zambiri sankazisunga khola limodzi. Zina ankakasungitsa kwa mlongo wake ku Malomo, zina kwa bwenzi cha ku Mvera, kuti chigodola kapena fisi akalowa kwina, kwina kutsale mbewu. Pangano lake lidali la pakamwa pamaso pa mboni: wosunga atengepo mwana mmodzi mbuzi ikaswa, ndipo ikafa asunge chikopa chokaonetsa mwini wake. Wosaonetsa chikopa ankalipa mbuzi.

Pepala loyamba limene lidamanga amuna a kwathu lidali la Wenela. Kalaliki amene ankawalemba adali Mmalawi mnzawo, wolankhula Chichewa chabwino, ndipo ambiri ankamuyesa wawo. Sadali wawo. Wenela idali yotumidwa ndi eni migodi a ku Joni, ndipo kalalikiyo adali wotumidwa ndi Wenela. Amunawo ankadinda chala pa pangano losawerenga, nakwera ndege. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 obwerera kwawo adafera pomwepo. Kamuzu adaletsa kulemba anthu a kumigodi. Ena mwa amene adabwerako bwino adayamba kutsokomola patapita zaka, fumbi la mwala litawadya mapapo. Makampani a migodi ya golide adadzavomera kulipa za matenda amenewa mu 2018, pa mgwirizano wa marandi 5 biliyoni, anzanga ambiri a msinkhu umenewo ali kale kumanda.

Ine ku Joni sindidapiteko. Ndidali mlembi wa kalabu ya alimi. Kale tinkalima fodya wa chikopa nkumagulitsa ku ADMARC pa mtengo umene iwo anena, poti fodya wa bale adali wa eni maesiteti okha. Kuyambira mu 1990 boma lidayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima bale ndi kukagulitsa okha ku okushoni kudzera m'makalabu. Pamenepo mpamene tidadziwa kuti pakati pa chigafa ndi okushoni ya ku Kanengo pali msewu, ndipo pamsewu pali milandu.

Chaka china tidadinda mabelo athu pa jeke, tidawalemba nambala ya kalabu, nkupangana ndi mnyamata wina wa pa Mponela amene ankapezera malole katundu. Tidamupatsa theka la ndalama ya mtengatenga. Lole idabwera, yokalamba ndithu, idapakira mabelo athu ndi a kalabu ina pamwamba, kenaka dalaivala nkukwezanso anthu a matola pamwamba pa mabelowo. Potsika m'mapiri mabuleki adakana. Lole idagunda mayi wina amene ankayenda m'mbali mwa msewu atasenza mtolo wa nkhuni, nkukagwera m'khwawa momwe mudali madzi. Sipadafe munthu. Mayiyo adathyoka ntchafu, a matola adasupuka, mabelo adanyowa.

Ife tidalimba mtima poona kapepala ka inshuwaransi kali pagalasi la lole. Tcheyamani wathu adati, "Musadandaule anthuni, galimoto ili ndi inshuwaransi, alipira." Sitidadziwe kuti ngozi imodzi ija idabala milandu itatu yosiyana, ndipo kapepala kaja kadali ka mlandu umodzi wokha.

Mayi wa nkhuni ndiye adali ndi njira yowongoka. Iye sadapanganepo chilichonse ndi mwini lole, koma lamulo silifuna pangano kuti munthu asamale mnzake wa pamsewu. Chidangofunika nkuonetsa kuti padali kusasamala, ndipo mabuleki akutha pa lole yodzaza mopitirira adali umboni wokwana. Nchifukwa cha anthu ngati mayi ameneyu kuti lamulo la pamsewu limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwaransi yolipira anthu ena, ndipo limalola wovulalayo kusumira kampani ya inshuwaransi mwachindunji. Wachibale wake wa ku Lilongwe adamupezera loya, lipoti la apolisi ndi la kuchipatala zidatengedwa, ndipo patapita nthawi yaitali adalandira kangachepe. Kampani silipira kuposa malire olembedwa m'pangano lake. Chotsala chimakhala pamutu pa mwini galimoto.

A matola adavutika. Mwini lole adalumbira kuti adamuletsa dalaivala kukweza anthu, ndipo ndalama za matola zinkathera m'thumba la dalaivalayo. Apa mpamene funso la atsibweni limavuta kuyankha masiku ano. Wantchito akalakwa akugwira ntchito imene adatumidwa, ngakhale aigwire mwa njira yoletsedwa, bwana wake angathe kuyankha. Akapatukira zake, wayenda yekha. Nanga dalaivala amene akuyendetsa lole ya bwana, pa ulendo wa bwana, koma wakweza anthu ake? Makhoti amayeza nkhani yotere payokhapayokha. Anthu aja adalibe ndalama ya loya, choncho nkhani yawo idathera kwa a gulupu, mwini lole atapereka pang'ono pogulira mankhwala.

Za mabelo athu kampani idangotiyankha mwachidule kuti inshuwaransi ya galimoto sikhudza katundu wonyamulidwa. Katundu ali ndi inshuwaransi yakeyake ya paulendo, imene mwini loleyo sadagule ndipo ife sitidafunse. Mlandu wathu udali wa pangano: tidalipira kuti fodya afike ku Kanengo ali wouma, sadafike. Koma pangano ndi yani? Mwini lole adati ife satidziwa, sadalankhulepo nafe, ndipo mnyamata wa pa Mponela si wantchito wake. Mnyamatayo adali atazimiririka. Chidatipulumutsa ndi kabuku kanga ka kalabu. Ndidali nditalemba tsiku, ndalama ndi nambala ya lole, mnyamata uja nkusayina, ndipo dalaivala adavomera kuti dizilo wa ulendowo adagulidwa ndi ndalama yathu, bwana wake akudziwa. Munthu sangadye phindu la pangano limene wina adamupangira, kenaka nkumukana wopanganayo zinthu zikaipa. Polandira ndalama ija adamusandutsa mtumiki wake. Adatilipira pang'onopang'ono, mwa zina potinyamulira fodya ulere chaka chotsatira.

Lero ndikaona njinga zamoto za kabaza zili piringupiringu pa Mponela ndi pa Madisi, mwini njinga ali kunyumba kudikira ndalama ya tsiku, mnyamata ali pamsewu, zambiri zopanda nkomwe kapepala kaja, ndimadziwa kuti milandu itatu ija ikubadwa tsiku ndi tsiku.

Imene idandiwawa kwambiri ndi nkhani ya mlamu wanga wa chigayo. Kudabwera bambo wa tayi ndi chikwama, wogulitsa inshuwaransi ya moto. Adakhala pampando, adamwa thobwa, nkutulutsa fomu. Mlamu wanga adali wosaphunzira kwenikweni, ndiye bamboyo ankafunsa ndi kulemba yekha. Pa funso lakuti kodi pamalopo padabukapo moto, mlamu adafotokoza kuti denga lidapsapo kale pamene lidali la udzu. Bambo uja adati, "Zimenezo nzakale achimwene, sizofunika," nalemba kuti ayi. Mlamu adasayina. Chigayo chitapsa, kampani idatumiza wofufuza, anthu a pafupi adamuuza za moto woyamba uja, ndipo kalata idabwera yokana kulipira.

Pangano la inshuwaransi limasiyana ndi kugula mbuzi pamsika, pamene wogula amadziyang'anira yekha mano ndi ziboda. Kampani ili kutali, sidziwa chigayo chako, ndiye lamulo limafuna kuti uulule wekha chilichonse chimene chingasinthe maganizo ake povomera kapena poika mtengo. Mfundo imeneyi njomveka, sinditsutsana nayo. Koma mlamu wanga adaulula. Adauza munthu amene kampani idamutuma. Loya wina wachifundo adatifotokozera kuti malamulo ambiri a mapangano tidatengera ku England kuyambira mu 1902, ndipo kumeneko mu 1929, pa mlandu wa Newsholme Brothers wokhudza basi, khoti lidagamula kuti wogulitsa inshuwaransi akamakudzazira fomu, pa kanthawi kameneko wasanduka mlembi wako, ndipo ukasayina osawerenga, bodza lakelo ndi lako. Munthu mmodzi, chikwama chimodzi: polandira ndalama ngwa kampani, polemba zabodza ngwako! Chigamulo chimenechi chidaganizira anthu odziwa kuwerenga Chingerezi cha pafomu. Pabwalo la atsibweni, mawu amene adalankhulidwa pakhonde paja akadamveka, ndipo mkazi wa mlamu wanga amene adabweretsa thobwa akadakhala mboni. Mu 2010 kudabwera lamulo la inshuwaransi ndi la mabungwe a zachuma, ndipo masiku ano wodandaula angathe kukasuma ku Reserve Bank. Nthawi ya mlamu wanga sitidamvepo za khomo lotere.

Mu 2005 adayesa inshuwaransi ya mtundu wina, ya mvula. A NASFAM, mabungwe awiri obwereketsa alimi ndalama ndi bungwe la makampani a inshuwaransi, mothandizidwa ndi World Bank, adagulitsa inshuwaransiyi pamodzi ndi ngongole ya mbewu kwa alimi 892 a mtedza okhala pafupi ndi malo oyezera mvula monga ku Chitedze, Kasungu ndi Nkhotakota. Mmenemu mulibe wobwera kudzawerenga mapesi. Mvula ikachepera muyeso wolembedwa pamalo oyezerapo, kampani imalipira. Ikakwana kumeneko, silipira, ngakhale munda wako utauma. Kwa ife a m'mapiri chimenechi nchovuta kuchikhulupirira, poti mvula imagwa tsidya lino la phiri tsidya linalo kuli gwa.

Boma nalonso lidakumana nazo. M'nyengo ya 2015/16 lidagula inshuwaransi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la African Union, pa ndalama pafupifupi madola 5 miliyoni. Chilala chidabwera, ndipo mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu oposa 6 miliyoni adafunika chakudya. Koma kompyuta ya bungwelo idati ovutika ngochepa, palibe cholipira. Atafufuza adapeza kuti m'masamu a panganolo mudalembedwa chimanga chochedwa kucha, cha masiku 120 mpaka 140, pamene alimi ambiri adali atasinthira ku mbewu yocha msanga, ya masiku pafupifupi 90, imene dzuwa lidaipeza pa nthawi yoipitsitsa. Yankho lolakwika lidalowa pafomu, ndipo odzaza fomuyo adali akatswiri a m'maofesi, okhala mbali zonse ziwiri. Mlimi aliyense wa ku Dowa akadawauza mbewu imene adagula pa kuponi chaka chimenecho. Masamu atakonzedwa, bungwelo lidavomera kulipira madola 8.1 miliyoni. Ndalamazo zidafika mu Januwale 2017, anthu atabzala kale chimanga cha chaka china.