Kupasuka kwa Nyumba ndi Kuzingwa kwa Munthu: Mawu a Chingerezi Onena za Chiwonongeko

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wotchedwa Freddy atagumula phiri la Soche ndi kukwirira nyumba za ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, nkhani zambiri za ngoziyo zidayamba kulembedwa m'Chingerezi zisanaikidwe m'Chichewa. Womasulira wokhala pansi ndi mapepala otere amakumana ndi mawu ambirimbiri, monga "destroyed", "ruined", "devastated", "desolate" ndi "overwhelmed", pamene m'manja mwake muli mneni mmodzi wooneka ngati angasenze katundu yenseyo, ndiye "kuwonongeka". Mneni ameneyu amayenera mlatho, munda kapena chimanga chofumbwa m'nkhokwe. Akanenedwa za mayi amene wataya ana ake usiku umodzi amasanduka chipongwe, pakuti m'Chichewa munthu wowonongeka ndi amene wataya khalidwe. Tsono womasulira sangachitire mwina koma kufufuza chithunzi chimene mawu a Chingerezi aliwonse adabisa m'kati mwake.

Mawu akuti "destroy" adalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa, monga adachitira ena ambiri Anormani atagonjetsa England m'chaka cha 1066. Gwero lake ndi mneni wa Chilatini "struere", kusanja kapena kumanga, pamodzi ndi mphatikiri "de-" amene amabweza ntchito ya mneniyo. Motero pachiyambi "destroy" kudali kubweza ntchito ya mmisiri womanga. Wophunzira zilankhulo za Chibantu sangadabwe ndi kapangidwe kotere, chifukwa zilankhulozi zili ndi mphatikiri "-ul-" wogwira ntchito yomweyo kumapeto kwa tsinde: kutseka ndi kutsekula, kumata ndi kumatula m'Chichewa, "funga" ndi "fungua" m'Chiswahili, "vala" ndi "vula" m'Chizulu. Komatu Chichewa chimapitirira pamenepo. Chimasiyanitsa kupasula ndi kupasuka, kugumula ndi kugumuka, kotero kuti nyumba ikhoza kugumuka popanda woimbidwa mlandu. Mneni "destroy" sangatero. Nthawi zonse amaloza wina kapena china chimene chapasula.

Mawu akuti "ruin" ndi ochokera ku "ruere", kugwa mwamkokomo. Chithunzi chake ndi cha khoma la miyala limene lagwa koma zotsalira zake zikuonekabe. M'buku lakale lotchedwa Exeter Book, lolembedwa pamanja m'zaka za m'ma 900, muli ndakatulo imene akatswiri a pambuyo pake adaitcha The Ruin. Ikusimba za mzinda wa miyala wosiyidwa ndi Aroma, umene ambiri amauganizira kuti ndi Bath, ndipo masamba ake adapsa pena, mwakuti ndakatuloyo idafika m'manja mwa owerenga ili yodukaduka. Kawirikawiri "ruin" amamasuliridwa kuti "bwinja", koma ziwirizi sizifanana kwenikweni. Pa bwinja makoma a dothi adabwerera kale kunthaka; chotsala ndi mitengo ya mango, nsatsi ndi mapale. "Ruin" amakumbukira khoma limene lidagwa, pamene bwinja limakumbukira anthu amene adachoka.

Oyandikana ndi bwinja ndi mawu ena awiri. "Desolate" ali ndi tsinde "solus", kukhala wekha, ndipo "devastate" ali ndi tsinde "vastus", malo opanda kanthu. Onsewa poyamba ankanena za dziko limene nkhondo yalisiya lopanda nzika. Pang'ono ndi pang'ono adasamuka kuchoka ku dziko kulowa mumtima, kotero kuti Mngerezi woferedwa akanena kuti ali "devastated" akutanthauza kuti m'kati mwake mwasanduka bwinja. Ulendo wotere, wochoka ku chinthu chogwirika kupita ku chosaoneka, ndi umene mawu ambiri a gulu ili adayenda.

Ena mwa mawuwa amasunga dzina la wolakwa. "Havoc" idali mfuu ya mkulu wa nkhondo yolola asilikali kuyamba kufunkha, ndipo malamulo a nkhondo a Mfumu Richard II a chaka cha 1385 adaika chilango cha imfa kwa wofuula mfuuyo popanda chilolezo. "Disaster", mawu ochokera ku Chitaliyana kudzera m'Chifalansa, amaimba mlandu nyenyezi yoipa. Anthu a ku Zomba m'chaka cha 1946 ndi a ku Phalombe m'chaka cha 1991, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri, sadayang'ane kumwamba. Adati wadutsa Napolo, njoka yokhala pansi pa mapiri. Mitundu iwiriyi idafunafuna mwini tsoka, wina mu thambo, wina m'nthaka.

Mawu onena za masautso a munthu mwini ali ndi zithunzi za thupi lopsinjika. "Tribulation" ndi ochokera ku "tribulum", thabwa lolemera lokhomeredwa miyala yakuthwa kunsi kwake, limene Aroma ankalikoka pa tirigu pomupuntha. Aliyense amene adaonapo mapira kapena mpunga ukupunthidwa angamve msanga chimene mawuwa akunena. "Anguish" ndi ochokera ku "angustia", malo opanikiza, ndipo mnzake wapafupi m'Chichewa ndi "kuzingwa", kumene ndi kuzunguliridwa mbali zonse popanda potulukira.

Osiyana ndi onsewa ndi "overwhelm". Awa sadabwerekedwe ku Chilatini. Ndi mawu a m'nyumba a Angerezi eni ake. M'zaka za m'ma 1300 mneni "whelm" ankatanthauza kutembenuza chiwiya chafufumimba, kaya kuti chivundikire kanthu, kaya monga funde litembenuzira bwato. Pambuyo pake ndi pamene mawuwa adayamba kunena za munthu amene mavuto amukulira. Chofunika kuchizindikira ndi chakuti chinthu chovundikiridwa sichinathe. Nyumba yopasuka yatha, mudzi wosanduka bwinja ulibe anthu, koma mwanapiye wovundikiridwa ndi dengu akadali moyo pansi pa dengulo, ndipo angatuluke ngati wina abwera msanga. Chichewa chili nawo mneni wa ntchito ya wobwerayo, wopangidwa ndi mphatikiri uja "-ul-": kuvundikira kumabwezedwa ndi kuvundukula.

Kusiyana kumeneku si kwa m'kalasi mokha. Nkhani ikanena kuti chipatala chili "overwhelmed", womasulira nkulemba kuti chawonongeka, womvera adzaganiza za makoma ndi malata, ndipo mwina sadzapitako ndi wodwala wake. Chikhalirecho chipatalacho chilipo, kungoti odwala achuluka kuposa manja owasamala. Chimodzimodzinso ndi mayi woferedwa uja. Chichewa sichisowa ponena za iye: wazingwa, wathedwa nzeru, wasweka mtima, chisoni chamukulira. Mawu aliwonse mwa amenewa amauza womvera kuti munthuyo alipo, ndi kuti pali chimene abale ndi anansi angachite, monga kukagona pa siwa, kutunga madzi ndi kuphika.

Choncho mtanthauziramawu wa zilankhulo ziwiri amene amaika "kuwononga" patsogolo pa "destroy", "ruin", "devastate" ndi "overwhelm" sananame, koma wasiya ntchito pakati. Wolemba buku lotere ayenera kusonyeza pa mawu aliwonse chimene chagwa, chimene chatsala, ndiponso ngati mawuwo angayenere munthu kapena chinthu. Womasulira wa pa wailesi alibe nthawi yofufuza Chilatini madzi atasefukira. Amadalira zimene akatswiri a zilankhulo adamukonzera mvula isanayambe.