Kuopa ndi kuopana

Pa phiri la Salvokop mumzinda wa Pretoria pali Freedom Park, ndipo pakhoma lake panalembedwa mayina a asilikali a ku Cuba oposa 2,000 amene anafera ku Angola. Chapafupi, ku Voortrekker Monument, kuli khoma lina lokumbukira asilikali a boma la tsankho. Mlendo wa ku Dedza, Chipata kapena Angonia angaganize kuti nkhaniyo ndi ya eni ake, chonsecho mabomba ake anagwa pafupi ndi kwawo.

Akatswiri a ndale amatsutsana pa funso lakale: kodi nkhondo imapeweka mayiko akalingana mphamvu, kapena dziko limodzi likaposa onse? Chichewa chimaligwira bwino funsoli ndi msintho wochitirana, kaphatikizo kakang'ono ka -an-. Pali kuopa, pali kuopana.

Kwa zaka zambiri m'chigawo chino munali kuopa kokha. Asilikali a Pretoria anakantha Matola mu 1981, ndipo pa 19 May 1986 anaukira Zambia, Zimbabwe ndi Botswana tsiku limodzi, popanda wowabwezera. Kamuzu Banda anali atasankha kale njira yake: ubale wa ukazembe mu 1967, ulendo wa ku South Africa mu 1971. Samora Machel anasaina pangano la Nkomati ndi P.W. Botha pa 16 March 1984, nachotsa ankhondo a ANC m'dziko lake, koma thandizo lopita kwa RENAMO silinaleke. Wamphamvu analibe chomukakamiza kusunga mawu. Limenelo ena analitcha bata, ngakhale anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. A ku Nsanje ndi Ntcheu akukumbukirabe misasa ija.

Kuopana kunayamba ku Cuito Cuanavale mu 1987 ndi 1988. Za amene anapambana kumeneko anthu akukanganabe, ndipo mkanganowo ndi wosapindulitsa kwenikweni. Chachikulu n'chakuti ndege za Cuba zinayamba kulamulira mlengalenga, ndipo akuluakulu a ku Pretoria anaona kuti imfa za anyamata awo sizingabisikenso kwa makolo ovota. Pa 22 December 1988 mapangano anasainidwa ku New York. Namibia inalandira ufulu pa 21 March 1990.

Komabe wokonda chiphunzitso cha kulingana mphamvu asafulumire kuwomba m'manja. Alendo atalongedza katundu wawo, MPLA ndi UNITA anatsala akuopana okhaokha, ndipo anamenyana mpaka 2002.