Za Moto m'Dziko la Karonga

Mwezi uno tifuna kuyenda nanu kumpoto, ku dziko la Ankhonde, kumene malire a Malawi athera pa mtsinje wa Songwe. Ndi dziko lopyapyala, lopanikizika pakati pa mapiri kumadzulo ndi nyanja kum'mawa. Ndipo munthu wolowamo kuchokera ku Mzuzu ayenera kutsika phiri la Chiweta, pa mseu wokhotakhota umene oyendetsa magalimoto onse auopa. Mitsinje yake njambiri, monga Wovwe, Rukuru wa kumpoto, Lufilya ndi Songwe. Ndipo m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene kumwera mvula iri kuleka, kuno imagwa ndi mphamvu, madzi nasefukira m'minda ndi m'nyumba. Chifukwa chake anthu akamva dzina la Karonga aganiza za mpunga wa Kilombero ndi za madzi osefukira. Koma ife tinapitako mwezi wa Okutobala, dzuwa liri kuswa mtengo, ndipo chimene tinachiona koposa ndicho utsi.

Potsika Chiweta tinaona zitunda zakuda ndi lupsa, ndipo usiku mizere ya moto inali kukwera mapiri popanda woiletsa. Moto wotere sufuna kufunsa mwini wake, pakuti eni ake tonse tiwadziwa: anyamata osaka mbewa ndi akalulu, mlimi wotentha mapesi amene wachoka moto usanazime, woweta ng'ombe wofuna kuti msipu uphuke msanga, wootcha makala, ndi wofula uchi. Pafupi ndi Chilumba pali nkhalango ya boma ya Vinthukutu, ndipo lamulo la nkhalango la chaka cha 1997 liletsa kuyatsa moto m'malo otere. Koma lamulo liri m'mabuku ku Lilongwe, ndi machesi ali m'thumba la mnyamata. Mphepo ya mwera itaomba kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, udzu wonse uuma gwa, ndipo kamoto kakang'ono sikachedwa kufika pa nkhokwe za mudzi.

Pa Chilumba tinaona ngalande za minda ya mpunga ya Hara, ndi chipatala cha Mpingo cha St Anne's. Aliyense amene anagwirako ntchito m'chipatala cha kumudzi adziwa kuti opsa ndi moto ambiri ndiwo ana okwawa amene agwera pa mafuwa kapena adzithira phala, ndiponso odwala khunyu amene agwa ali pafupi ndi moto. Tinene pomwe pano, pakuti ambiri alakwa: bala la moto lifuna madzi oyera ozizira, kuthira kosalekeza kwa mphindi 20, ndi kulifunda nsalu yoyera, ndi kuthamangira kuchipatala. Mazira, mafuta, dothi ndi mankhwala otsukira mano angoonjezera matenda pa bala.

Kupitirira pamenepo tinafika pa dooko la Ngara, kumene asodzi ayanika usipa pa mathandala ndi kuwamba nsomba pa moto. Misasa yao nja udzu ndi bango, yomangidwa mothithikana kotero kuti denga lina likhudza linzake; ndipo m'kati mwa misasa yomweyo asunga zigubu za petulo wa injini za mabwato. Nyanja iri pompo, madzi osatha. Koma chotungira chake ndi ndowa ndi manja a amayi. Tsono moto wa petulo ndi wina: ukauthira madzi uyandama pamwamba pake nufalikira, ndipo chouzima ndi mchenga. Mulungu anaunjika mchenga pa gombe lonselo kwaulere, kungoti ochepa adziwa ntchito yake imeneyi.

Nanga nyumba ikayaka m'dziko lino, aitana yani? Kwa zaka zambiri magulu ozimitsa moto a makhonsolo akhala m'mizinda inayi, Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Ndipo magalimoto ozimitsa moto a pa mabwalo a ndege ntchito yao yeniyeni ndiyo kudikira ndege. Pa mizinda inayiyo wapafupi ndi Mzuzu, ndipo kuchokera kumeneko kufika pa boma la Karonga ndi makilomita oposa 200, pamodzi ndi phiri la Chiweta lija, limene galimoto yodzaza madzi iyenera kulitsika pang'onopang'ono. Koma nyumba ya denga la udzu imatha kupsa mayi asanatsirize kuphika nsima. Ngakhale mumzinda momwemo moto ukakula supatsa mpata: mu Disembala 2015 nyumba ya mabuku ya sukulu yaukachenjede ya Mzuzu inapsa usiku umodzi, ndi mabuku ake zikwizikwi. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linaika ntchito yozimitsa moto m'manja mwa makhonsolo; ndipo ife tiganiza kuti pa boma la Karonga, pamene pali msika waukulu, chipatala cha boma, zigayo za mpunga, malo ogulitsa mafuta, ndi masukulu ogonera komweko monga Chaminade, payenera kukhala gulu lozimitsa moto lophunzitsidwa bwino, ndi galimoto yake yosasowa mafuta. Akristu ali ndi ufulu wofunsa zimenezi kwa makhansala ndi aphungu ao, mwaulemu ndi mosatopa.

Komabe tisadzinyenge kuti galimoto imodzi idzapulumutsa midzi. Kuchokera pa boma kufika ku Chilumba ndi makilomita ngati 70, kufika ku Songwe ngati 45. Ndipo midzi yambiri iri kutali ndi phula, kuseri kwa madambo ndi milatho ya mitengo. Ndiponso madzi amene galimoto yotere isenza atha m'mphindi zowerengeka, ndipo kumudzi kulibe mipope ikuluikulu yoidzaziranso. Pa dziko longa lino, lodzala ndi nyanja, mitsinje ndi ngalande, chida choyenera m'maso mwathu ndicho pampu yaing'ono ya injini, yonga ija athirira nayo madimba, pamodzi ndi mapaipi ake aatali, yotheka kuikweza pa ngolo ya ng'ombe. Yotere ikhoza kukhala pa dooko lirilonse ndi pa msika uliwonse, ndipo mtengo wake suposa mphamvu ya anthu ogwirizana.

Kumpoto kwa boma, pafupi ndi nyanja, kuli thamanda la Kambwe, ndipo sitinathe kupitirira osaimapo. M'chaka cha 1887, pamene Mlozi, wogula akapolo uja, anamanga malinga ake ku Mpata nayamba kulanda dziko la Ankhonde, anthu ambiri anathawira m'bango la pa Kambwe, amuna, akazi ndi ana. Ankhondo ake anayatsa bangolo. Ndipo othawa moto anakumana ndi mfuti, ndi ena analowa m'madzi momwe munali ng'ona. Ulamuliro wa Mlozi unatha mu Disembala 1895, pamene asilikali a Harry Johnston anathyola linga lake namupachika. Lero mbalame ziri kulira m'bangomo ngati sipanachitike kanthu, ndipo ife tinapempherera mizimu ya akufawo, amene maina ao Mulungu yekha awadziwa.

Makolo omwewo a Ankhonde anali ndi nzeru ina imene tiyenera kuikumbukira. Alendo oyamba a ku Ulaya amene anafika kumpoto kwa nyanja, monga Joseph Thomson m'chaka cha 1879, anazizwa ndi ukhondo wa midzi ya kumeneko: mabwalo osesedwa tsiku ndi tsiku, nyumba zotalikirana, ndi minda ya nthochi yozinga mudzi wonse. Iwo anaona kukongola kokha. Koma bwalo losesedwa liribe chakudya cha moto, ndipo thunthu la nthochi ndi madzi okhaokha, losayaka msanga. Cha ku Kaporo tinapeza midzi ina yosungabe makhalidwe amenewa, ndipo m'mthunzi mwake munthu apuma ngakhale mu Okutobala. Pa malo a malonda a m'mbali mwa mseu mpamene zinthu zasintha: magolosale, mashedi a mpunga ndi nyumba zogona zaunjikana, mawaya a magetsi alumikizidwa ndi osadziwa ntchitoyo, ndipo petulo wa njinga zamoto agulitsidwa m'mabotolo pafupi ndi mbaula za okazinga chipisi.

Pa mseu wopita ku Songwe tinakumana ndi magalimoto a matanki, otenga mafuta ku Dar es Salaam kudza nao ku Malawi. Apa tichenjeze makolo ndi mau olimba. Galimoto yotere ikagwa, anthu athamangirako ndi zigubu, nayesa kuti Mulungu wawakumbukira. Pa 17 Novembala 2016, pa mudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, galimoto ya mafuta yopita ku Malawi inaphulika anthu ali kutunga petulo, ndipo anafa oposa 70. Ndipo mu Ogasiti 2019 zomwezo zinachitika ku Morogoro m'dziko la Tanzania. Mpweya wa petulo umayaka ndi kanthethe kamodzi, ngakhale ka fodya kapena ka batire. Mwana auzidwe kuti akaona tanki yagwa athawire kutali, ndipo wamkulu aimbire apolisi.

Tsono ndani adzayang'anira zonsezi m'mudzi? Anthu a ku Karonga sali achilendo pa ntchito yogwirizana pa ngozi. Zivomezi za mu Disembala 2009 zitagwetsa nyumba zambiri, ndiponso chaka ndi chaka madzi akasefukira, makomiti a m'midzi oona za ngozi akhala akuchenjeza anthu ndi kulemba maina a ovutika. Koma moto kawirikawiri uyesedwa tsoka la banja limodzi, ndipo mudzi ungofika m'mawa kudzapepesa ndi kambale ka ufa. Ku Austria ndi ku Germany, kumene kunachokera ena a abwenzi a mamishoni, pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi gulu lake lozimitsa moto, la alimi ndi amisiri osalandira malipiro, amene amva belu nasiya makasu ao. Nkhoswe yao ndiye Floriano Woyera, msilikali wa Aroma amene anaponyedwa mu mtsinje wa Enns chifukwa cha Kristu cha m'chaka cha 304, ndipo amjambula ali kuthira madzi pa nyumba yoyaka.

Ife tiri nawo kale magulu otere, angosowa kupatsidwa ntchitoyi: ndiyo miphakati. Dayosizi ya Karonga, imene Papa Benedict XVI anaikhazikitsa m'chaka cha 2010, ndi Ambuye Martin Mtumbuka monga episkopi wake woyamba, iri ndi miphakati m'midzi yakutali kumene galimoto siifika, ndiponso wailesi yake ya Tuntufye. Mphakati uliwonse ukhoza kupangana ndi mfumu ya mudzi za kuombedwa kwa belu kapena ng'oma kumene kudzatanthauza moto wokha. Ukhoza kusankha anyamata ndi amayi odziwa malo a ndowa, mchenga, makwerero ndi nthambi zaziwisi zopunthira moto. Ukhoza kudziwa nyumba zimene mugona nkhalamba, olumala ndi odwala khunyu, kuti moto ukabuka ayambe kutulutsa iwo, katundu pambuyo. Ndipo munthu amene zovala zake zayaka asathamange, koma agubuduzike pansi, anzake namfunde bulangete kapena thumba lonyowa.

Ntchito yaikulu koposa ndiyo kulambula njira yotakata kuzinga mudzi, nkhokwe, tchalitchi ndi manda, udzu usanaume. Chikondwerero cha Floriano Woyera chifika pa 4 Meyi, pamene mvula ya ku Karonga iri kutha ndi mpunga uli kucha m'minda. Tipempha akatekisiti alembe tsikulo, kuti Lamulungu lotsatira mpingo ukapangane za makasu ndi zikwakwa.