Za Marc Bloch, ndi Bodza Limene Ndinalisenza

Mwezi uno ndifuna kukusimbirani za munthu wa ku France amene sindinamuone nkhope, koma anandidzudzula koposa akulu a mpingo. Dzina lake ndiye Marc Bloch, ndipo ntchito yake inali kufufuza ndi kuphunzitsa mbiri yakale.

Iye anabadwira m'mudzi waukulu wa Lyon m'chaka cha 1886, wa fuko la Ayuda. Atate wake, Gustave Bloch, analinso mphunzitsi wa mbiri, wodziwa za Aroma. M'chaka cha 1904 mnyamatayo analowa sukulu yaikulu ya aphunzitsi ya ku Paris, dzina lake École Normale Supérieure, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa anyamata ku Montpellier ndi ku Amiens, kufikira inabuka nkhondo ya 1914. Anakhala msilikali zaka zinayi, nakwezedwa kukhala kaputeni.

Kunkhondoko anaona chinthu chimene sanachiiwale. M'mwezi wa September 1917, pafupi ndi kamudzi ka Braisne, anzake anagwira msilikali wa ku Germany. Pomfunsa kwao, iye anatchula Bremen, mudzi umene Afalansa amautcha Brême. Tsono ena anamva ngati wanena Braisne. Ndipo posachedwa mbiri inawanda m'misasa kuti agwira kazitape amene anali ndi sitolo m'kamudzi komweko nkhondo isanayambe. Bloch anazindikira kuti khutu silinalakwe lokha. Pakuti asilikali anakhulupirira kale kuti Ajeremani anabzala azondi ponseponse, ndipo anamva chimene mtima unafuna kumva. M'chaka cha 1921 analemba za mbiri zonama za kunkhondo, nasonyeza kuti zambiri zinabadwira pophikira chakudya, pamene anthu a magulu osiyana anakomana, ndi kuti bodza limamera pa nthaka yolimidwa kale ndi mantha kapena udani.

Powerenga izi ndinagwidwa ndi manyazi, pakuti ndinakumbukira mlandu wanga. Chaka china ndalama za chopereka cha masika zinasowa m'tchalitchi mwathu. Mai wina ananena pachitsime kuti waona mkulu woliza belu ali ndi bulangeti latsopano. Pofika kuchigayo nkhaniyo, mabulangeti anali awiri ndi thumba la mchere pamwamba. Ine ndinaimva kwa mnzanga, ndipo osafunsa kanthu ndinakainena pamaso pa akulu a mpingo. Ndipo popeza wanena ndi mphunzitsi, anthu anakhulupirira, namlanda mkuluyo mfungulo za tchalitchi. Itapita miyezi itatu, ndalamazo zinapezeka m'chitini chimene wosunga chuma anaiwala pansi pa mabuku a nyimbo. Bulangeti lija anatumiza ndi mwana wake wogwira ntchito ku Johannesburg. Akulu ananenetsa kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo kandimverereyo ndinali ine. Nanga ndinafulumiriranji kukhulupirira? Chifukwa munthuyo anali wosauka, ndiponso mkamwini wopanda abale pamudzi. Nthaka ya mumtima mwanga inali yolimidwa kale.

Tibwerere kwa Bloch. M'chaka cha 1919 anayamba kuphunzitsa pa sukulu ya ukachenjede ya ku Strasbourg. Mu 1924 anatulutsa buku lofufuza chikhulupiriro cha anthu a ku France ndi ku England, chakuti mfumu ikakhudza munthu wodwala zotupa za m'khosi, iye achira. Mwambowo unakhala zaka mazana ambiri, ndipo ku France mfumu Charles X inauchita komaliza mu 1825. Bloch sanawaseke makolo ake, koma anafunsa chimene chinawakhulupiritsa; napeza kuti nthendayo nthawi zina imaleka yokha, ndipo anthu, poyembekezera chozizwa kwa mfumu yao, anakumbukira ochira naiwala osachira. Mu 1929 iye ndi mnzake Lucien Febvre anayambitsa magazini yotchedwa Annales, yofuna kuti mbiri isakhale ya mafumu ndi nkhondo zokha, koma ya alimi, minda, makasu, mphero ndi misika. Mu 1936 anamuitana kukaphunzitsa ku Sorbonne, ku Paris.

Itabuka nkhondo yachiwiri mu 1939, Bloch anali wa zaka 53, ndi ana asanu ndi mmodzi. Akadafuna, akadakhala kunyumba, koma anavalanso za usilikali. France atagonja mu 1940, iye analemba buku lofotokoza zifukwa za kugonjako monga mboni yoona ndi maso, ndipo sanabise kulakwa kwa akulu a nkhondo, ngakhale kwa aphunzitsi monga iye mwini, amene anaona choipa chilikudza nakhala chete. Pambuyo pake anadza malamulo osautsa Ayuda, ndipo Ajeremani anatenga mabuku ake m'nyumba yake ya ku Paris. Mu 1943 analowa gulu la mobisa lokana adaniwo ku Lyon. Anamgwira pa 8 March 1944, namzunza kwambiri; ndipo pa 16 June anamuombera m'munda ku Saint-Didier-de-Formans, pamodzi ndi andende anzake oposa 20. Buku lake lotsiriza, lophunzitsa kuyesa mboni ndi makalata akale, analisiya losatha, ndipo linasindikizidwa mu 1949.

Tsono ndinaganiza kuti, ngati munthu uyu sanadzilekerere polemba za kulakwa kwa mtundu wake, ndingabisale bwanji ine? Zaka ziwiri zinali zitapita, ndipo mkulu uja, ngakhale anambwezera mfungulo, anali kukhala pa mpando wa kumbuyo, osayang'ana munthu. Mlandu suola. Ndinapita kwao madzulo, ndinakhala pansi pakhonde, ndi kunena kuti, "Bambo, amene ndinakuipitsirani dzina kwa akulu ndine, mundikhululukire." Iwo anakhala chete nthawi yaitali, nati, "Aphunzitsi, ndamva. Koma mau aja simunanenere pakhonde pano. Mukawabweze komwe munawanena." Pa Sabata lotsatira ndinaimirira pamaso pa mpingo, ana a sukulu anga alikumva, ndipo ndinawabweza.

Abale, lamulo lachisanu ndi chinayi silinena za m'bwalo la milandu mokha, likhudzanso pachitsime, kuchigayo ndi pakhomo pa tchalitchi. Kuyambira pamenepo, ndikamva mbiri ya mnzanga ndimafunsa zitatu: kodi wonenayo anaona ndi maso ake? Ngati sanaone, anamuuza ndani? Ndipo bwanji mtima wanga ulikukondwa kuimva? Funso lachitatuli ndilo lowawa, ndipo ndilo limene ndimaphunzitsa ana anga poyamba phunziro la mbiri. Mulungu atithandize kusunga lilime, inu ndi ine.