Ana a Sukulu Anadzationa ku Wovwe

Basi yawo inafika madzulo, itatsika phiri la Chiweta n'kudutsa pa Uliwa. Munali ana a Fomu 3 ochokera ku Blantyre ndi aphunzitsi awo awiri. Anabwera kudzaona zimene ankangoziwerenga m'mabuku: minda ya mpunga ya kuno ku Wovwe, ndi makina opangira magetsi amene akhala akuyendetsedwa ndi madzi a mtsinje wa Wovwe kuyambira mu 1995. Mtsinjewu umachokera kumapiri a Nyika. Ine anandipempha kuti ndiziyang'anira chakudya ndi umoyo wa alendowa masiku anayi.

Mawu oyamba amene anaphunzira ndi "monire" ndi "yewo." Chachiwiri chinali kondowole. Mtsikana wina atatema mbamu, nsima inatamuka ngati mphira. Anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi, koma yapsa imeneyi?" Tonse tinaseka, koma iye anagona atangodya ndiwo.

M'mawa ndinawatengera kwa mayi wina woyandikana nane kuti akaone kumene ufawo umachokera. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni. N'chifukwa chake timachisenda, kuchiviika m'madzi masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe, kuchiyanika, kenako kusinja. Wofupikitsa masiku oviika amadwalitsa banja lake. Ndinawauzanso kuti kondowole amapatsa mphamvu koma zomanga thupi ndi zochepa kwambiri, choncho pamafunika usipa, nyemba kapena chigwada chotendera. Mtsikana uja anapempha mthiko kuti ayese kuvundula. Sanathe mphindi ziwiri, mkono unali utalema. Masana amenewo anadya mtanda wonse.

Tsiku lina tinawaphikira mbalagha, nthochi zosapsa zophika pamodzi ndi nyama ya ng'ombe. Analawanso chambiko, mkaka wowawasa umene anthu a ku Karonga amaukonda. Koma chimene chinawakhalitsa chete ndi fungo la mpunga wa Kilombero ukupsa pamoto.

Vuto linabuka ku sikimu. Kuno kumatentha, ndipo anyamata ataona madzi akuyenda m'ngalande anayamba kuvula malaya. Ndinawaletsa mwamphamvu. M'madzi otere mumakhala nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti timalowa pakhungu, munthu osamva kanthu, ndipo pakapita masabata amayamba kukodza magazi. Akachedwa kulandira mankhwala, chikhodzodzo ndi impso zimawonongeka.

Mnyamata wina analoza amayi amene ankawokera mpunga, madzi ali m'mawondo. "Nanga awowa, amayi? Iwo sawalowa?" Ndinamuyankha zoona: amawalowa. Sangasiye munda, chifukwa chakudya ndi fizi ya ana zimachokera m'madzi omwewo. Chimene tingachite ndi kumanga zimbudzi, kusiya kukodzera kapena kuchita chimbudzi m'madzi kuti mazira a tizilombo asafike kwa nkhono, ndi kumwa mankhwala a praziquantel achipatala akatipatsa. Mnyamatayo anati kwawo amadya Kilombero pa ukwati uliwonse, koma anali asanaganizepo za miyendo ya munthu amene anaulima.

Madzulo kunali mpira. Anyamata a m'tauni anavala nsapato zokongola, athu ambiri anali opanda nsapato, koma alendo ndiwo anagonja. Pa mpira wamanja atsikana awo anabweza chipongwe. Kenako kunabwera a malipenga, atavala zoyera, akuguba mwadongosolo ngati asilikali ndi kuimba zikho zawo. Gule ameneyu anayamba potsanzira perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda. Ana amene ankadziona ngati akatswiri ovina anatuluka thukuta poyesa kutsatira mapazi a madala a imvi.

Tsiku lomaliza tinapita ku nyumba yosungira zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Anaima nthawi yaitali pa mafupa a chinyama chakale chotchedwa Malawisaurus. Anamvanso za chibwano cha munthu wakalekale chimene chinapezeka ku Uraha, kufupi ndi Chilumba, mu 1991.

Makolo, mwana wanu akamapita kudera lachilendo musangomulongedzera mabisiketi ndi zakumwa za shuga. Muuzeni alawe chakudya cha eni dera, afunse mmene chimakonzedwera, agone m'neti, ndipo asasambe m'madzi amene sakuwadziwa asanafunse.

Basi ikunyamuka, mtsikana uja anali atanyamula kajumbo ka ufa wa kondowole. Anandipempha kuti ndimubwerezere kaphikidwe kake. Ndinamuuza kuti madzi akawira aphule poto, athire ufa, ndipo avundule mwamphamvu asanazizire.