Kumene ndinkagona pa ulendo wapansi wa ku Santiago

Abale anga, ambiri mwakhala mukufunsa kuti masiku onse aja ndinkagona kuti, poti pazithunzi munkangondiona ndi chikwama kumsana pakati pa minda ya mphesa. Ena mpaka kunena kuti mayi uja walemera, akusinthasintha mahotela ku Spain. Iyayi, khalani pansi ndikuuzeni.

Njirayo amaitcha Camino de Santiago. Yotchuka kwambiri imayambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port ku France n'kukathera ku Santiago de Compostela, kumene amakhulupirira kuti kuli manda a Yakobo mtumwi. Ndi makilomita pafupifupi 780. Tchuthi cha kuntchito kuno ku Dublin sichikanakwana, ndiye ndinayenda kuchokera ku Logroño kukafika ku Burgos, kenaka n'kukwera basi kukayambiranso ku Sarria, chifukwa woyenda pansi ankamupatsa chikalata chomaliza pokhapokha ataponda ndi mapazi ake makilomita 100 omaliza.

Nyumba zogona amazitcha albergue. Mabedi osanjikiza ngati ku hositelo ya kusekondale, amuna ndi akazi chipinda chimodzi. Ine mayi wa Mvano, usiku woyamba ndinagona nditamanga chitenje mpaka m'khosi. Za boma ku Galicia, dera limene kuli Santiago, ankalipiritsa mayuro 10. Nsapato umavulira pakhomo n'kuziika pa shelefu, ndipo za fungo la pamenepo tisakambe. Ikakwana 10 koloko usiku atseka chitseko, 8 koloko m'mawa ukhale utatuluka. Kugona ndi usiku umodzi basi, pokhapokha utadwala. Ndipo sulowa wopanda kabuku kotchedwa credencial, kamene amadindamo paliponse wagona.

Kabuku kameneka kandiganizitsa. Kwathu dzuwa likakulowera m'mudzi wachilendo amakuperekeza kwa amfumu. Madzi osamba, nsima, mphasa, zonse upeza. Koma poyamba mafunso: mwachokera kuti, kwanu n'kwa yani, mukupita kwa ndani? Ulemu wathu umayamba wadziwa mwini mlendo. Ife a ku Mulanje tikukumbuka 2017, mphekesera za anamapopa zitavuta, pamene munthu wosadziwika wonyamula chikwama ankatha kuphedwa asanafotokoze n'komwe. Ku Spain kuja palibe anandifunsa kuti ndine mwana wa ndani. Amangoona pasipoti, n'kuona zidindo za dzulo ndi dzana, basi. Kabukuko kamakulankhulira ngati kalata ya kumpingo ija timatenga posamuka.

Malo amene sindidzawaiwala ndi Grañón, kamudzi kakang'ono ukangodutsa Santo Domingo de la Calzada. Kumeneko umagona m'nyumba ya tchalitchi yeniyeniyo, pa timatiresi topyapyala toyala pansi, ndipo mtengo palibe. Pali bokosi, umaponyamo zimene wakwanitsa, ndipo ndalama ya lero ndiyo igula chakudya cha obwera mawa. Madzulo tonse tinalowa kukhitchini, wina anyezi, wina mbale. Otilandirawo anali ongodzipereka, amatumikira masabata awiri n'kubwerera kwawo, kubwera ena.

Pamenepo ndinakumbuka amayi anga. Msonkhano wa kumpingo ukagwera kwathu, alendo ankagona m'makalasi ndi m'tchalitchi pa mphasa, chimodzimodzi Grañón. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhuni, madzi, ufa, ndiwo, zonse zinkachokera pamsana pa amayi omwewo chaka ndi chaka, popanda wodzawalandira ntchito. Kunyumba nako, mlendo akafika ife ana tinkasamukira kukhitchini, nkhuku yomaliza n'kugwa. Ndipo kumufunsa mlendo tsiku lonyamuka ndi mwano. Timati mlendo ndi mame, koma mame ena amafika masana osakamuka. Lamulo la 8 koloko lija poyamba ndinaliona lankhanza, koma pano ndimaona kuti limateteza wolandira alendoyo kuti asatope, mawa adzathe kumwetulira wina.

Musaganize kuti zonse n'zokoma. Mkonono wa anthu makumi anayi m'chipinda chimodzi si masewera. Nsikidzi ziliko, zoyankhula Chisipanishi koma kuluma kwake n'komweko. Ndiye kuchuluka kwa anthu: mu 2023 oposa 440,000 analandira chikalata chija, ndipo kuyambira ku Sarria ulendo umasanduka mpikisano wa bedi. Anthu amadzuka 5 koloko, majumbo ali tswatswatswa, tochi pamphumi. Tsiku lina ndinafika mochedwa, mapazi ali matuza okhaokha, n'kupeza pachitseko alemba kuti completo, kutanthauza kuti mwadzaza. Bambo wa pamenepo anangondilozera mudzi wotsatira, mwaulemu ndithu, koma osasintha maganizo. Ndinayenda ndikulira. Kwathu zimenezo sizingachitike. Ngakhale nyumba itadzaza chotani, khonde lilipo, ndipo wina akanati, "Amayi, muyenda bwanji usiku uno? Lowani tipanikizane."

Chandichititsa manyazi ndi ichi. Pa phiri la Mulanje pali tinyumba togona oyenda pansi, ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Sombani ndi kwina, tili ndi mlonda wake, nkhuni ndi madzi. Ndinabadwira m'tsinde mwa phiri lomwelo, koma tinkati zokwera phiri n'za azungu, ife timakwera pokhapokha tikukatola nkhuni. Ndachita kukagona pansi m'tchalitchi cha eni ake ku Grañón ndisanagonepo ku Chambe.

Ndikubwera chilimwe chino. Ndidzayambira pa Likhubula m'mamawa. Amene akufuna tidzatsagane anene pansipa, koma abwere ndi bulangete lakelake, kumwamba kuja kumazizira.